Ndani akonze malo ovotera kuti anthu aulumali azifikapo? Phunziro la ku Golomoti

Chisankho chapatatu cha pa 16 Sepitembala 2025 chinadutsa, ndipo china chonga icho chidzachitika mu Sepitembala 2030. Pakati pa zisankho ziwirizi, Nyumba ya Malamulo ivomereza ndondomeko za chuma zisanu, ndipo makhonsolo onse a m'dziko muno akonza mapulani awo a chitukuko. M'ndondomeko ndi mapulani amenewa ndi momwe mungapezeke, kapena kusowa, ndalama zothandiza kuti munthu woyendera njinga ya aulumali, wosaona, wosamva kapena wakhungu lachialubino adzaponye voti yake mosavuta ngati wina aliyense.

Nkhaniyi imamveka kwambiri chisankho chikayandikira, pomwe mabungwe a anthu aulumali amapempha bungwe loyendetsa chisankho la Malawi Electoral Commission, MEC mwachidule, kuti liwaganizire. Koma bungwe la MEC lilibe nyumba zakezake zovoteramo. Limachita kubwereka sukulu, mabwalo ndi malo ena omwe eni ake ndi makhonsolo, mipingo ndi anthu a m'midzi. Choncho funso lakuti malo ovotera akhale ofikirika ndi funso la ndalama za makhonsolo. Dera la Golomoti, kunsi kwa mapiri a Dedza, likutithandiza kuona chifukwa chake.

Kodi tikunena anthu angati?

Kalembera wa anthu wa 2018, yemwe inachititsa ofesi ya National Statistical Office, anapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni. Mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, 1,556,670 anali ndi ulumali wa mtundu wina wake, kutanthauza anthu pafupifupi 10 mwa 100 alionse. Pafupifupi theka la anthuwa anali ndi vuto la kuona, 27 mwa 100 alionse anali ndi vuto loyenda kapena kukwera pamalo okwera, ndipo 24 mwa 100 alionse anali ndi vuto la kumva. Kalembera yemweyo anapezanso anthu 134,636 akhungu lachialubino.

Pa chisankho cha 2025 analembetsa anthu pafupifupi 7.2 miliyoni, ndipo malo oponyerapo voti anali oposa 15,000. Tikagawa, malo alionse amalandira ovota osapitirira 500. Tikatengera mlingo wa kalembera uja, pamzere uliwonse wa ovota payenera kukhala anthu pafupifupi 50 omwe ali ndi vuto loona, loyenda, lakumva kapena lina. Chiwerengerochi chikhoza kuposa apa chifukwa ovota onse ndi akuluakulu, ndipo mavuto a maso, makutu ndi miyendo amachuluka munthu akamakalamba. Akuluakulu akale anati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Mawu otsirizawo sitiwagwiritsanso ntchito potchula munthu masiku ano, koma nzeru ya mwambiwu ikadalipo: yemwe akukwera masitepe modumpha chaka chino akhoza kudzafuna ndodo pofika 2030.

Boma la Dedza lokha linali ndi anthu 830,512 m'kalembera wa 2018. Ngakhale titachotsapo ana, anthu aulumali omwe ali ndi ufulu wovota m'bomali ndi zikwi zambiri, okwana kusintha zotsatira za mpikisano wa phungu kapena khansala.

Ulendo wa wovota kuchigwa

Golomoti ali m'dera la Mfumu Kachindamoto, m'chigwa chotentha cha pakati pa mapiri a Dedza ndi nyanja ya Malawi, m'mbali mwa msewu wa M5 wochoka ku Salima kupita ku Balaka. Kumpoto kwake kuli Mua ndi Mtakataka. Munthu wofuna kufika ku likulu la boma la Dedza, komwe kuli maofesi a khonsolo, ayenera kukwera msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere. Anthu ambiri a m'tauni amalidziwa derali chifukwa cha malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 omwe anatsegulidwa mu 2022, ulimi wothirira mpunga wa Bwanje, komanso malo a zachikhalidwe a KuNgoni ku Mishoni ya Mua, yomwe inayamba mu 1902.

Ukachoka pa phula, njira zopita m'midzi ndi zamchenga kapena zamakande. Njinga ya aulumali imatitimira mumchenga, ndipo pamakande ouma, omwe amang'aluka m'chilimwe, imagwedezeka mpaka kuthyoka masipoko. Madzi ochokera kumapiri amakumba zigwembe nyengo ya dzinja, ndipo zambiri zimakhala chikhalire mpaka chilimwe. Chopinga choyamba kwa wovota waulumali, tsono, ndi njira yochoka kunyumba. Yemwe sangathe kuyenda ayenera kulipira kabaza wa njinga kapena wa njinga yamoto, kupita ndi kubwerera, mwinanso kulipirira womuperekeza. Ulendowu sachita kamodzi: pali kukalembetsa, kukaona ngati dzina lili m'kaundula, ndiponso kukavota.

Chopinga chachiwiri chili pasukulu penipeni. M'madera momwe madzi amasefukira, amisiri amakweza maziko a makalasi kuti madzi asalowe. Nzeru imeneyi ndi yabwino, koma imabala masitepe awiri kapena atatu pakhomo, kuphatikizapo ngalande yamadzi yozungulira khonde. Zimbudzi zambiri zakale zili ndi makomo opapatiza ndipo zilibe pogwira. Munthu yemwe akudziwa kuti akakhala pamzere maola angapo popanda chimbudzi chomwe angalowemo amayamba waganiza kawiri asananyamuke.

Nthawi zambiri kuvota kumachitikira panja, pabwalo la sukulu kapena pansi pa mtengo. Kumeneku kumachotsa vuto la masitepe koma kumabweretsa lina. Kale chisankho chinkachitika mu Meyi, nyengo yozizira. Tsopano chimachitika mu Sepitembala, pomwe dzuwa la kunyanja limakhala litayamba kuswa mtengo. Kwa munthu wachialubino, yemwe khungu lake limapsa msanga ndipo ali pachiopsezo cha khansa ya pakhungu, kuima padzuwa maola awiri ndi nkhani ya moyo. Kuwala kwambiri kumamulepheretsanso kuwerenga bwino pepala lovotera. Komanso mu 2025 malo ovotera ankatsekedwa 4 koloko masana, choncho mwayi wodikira kuti kunja kuzizire unalibe.

Chopinga chachitatu n'chosaoneka ndi maso. Ku Mua kuli sukulu ya ana osamva, imodzi mwa sukulu zochepa zotere m'dziko muno. Ophunzira ake akakula amakhala ovota. Koma uthenga wa chisankho kumidzi umayenda pa wailesi, pa zimkuzamawu za pagalimoto ndi pamisonkhano ya mafumu, njira zomwe munthu wosamva sizimufika pokhapokha patakhala womasulira m'chinenero cha manja. Patsiku lovota, malangizo a pamzere amaperekedwanso pakamwa.

Zomwe malamulo akunena

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 sasiya chikaiko pankhaniyi. Gawo 20 limaletsa tsankho, ndipo ulumali uli m'gulu la zifukwa zomwe latchula. Gawo 40 limapereka kwa munthu aliyense ufulu wovota, ndiponso wovota mwachinsinsi. Gawo 13, lomwe lili ndi mfundo zotsogolera boma, limalamula kuti anthu aulumali azitha kufika m'malo a anthu onse ndi kutenga nawo mbali mokwanira m'zochitika za dziko.

Mu 2009 dziko la Malawi linavomereza pangano la bungwe la United Nations lokhudza ufulu wa anthu aulumali. Gawo 29 la panganoli limati njira zovotera, malo ovotera ndi zipangizo zake zikhale zoyenera, zofikirika, zosavuta kumva ndi kugwiritsa ntchito. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la za ulumali, ndipo mu 2024 lamuloli linalowedwa m'malo ndi latsopano la Persons with Disabilities Act. Lamulo latsopanoli linathetsanso lamulo lakale la 1971, linakhazikitsa bungwe la Malawi Council for Disability Affairs, MACODA, m'malo mwa MACOHA, ndipo lili ndi thumba lapadera lothandizira ntchito za ulumali.

Malamulo a chisankho amalola munthu wosaona kapena waulumali wina kubwera ndi womuthandiza yemwe wadzisankhira yekha, ndipo womuthandizayo ayenera kutsatira zofuna za mwini voti ndi kusunga chinsinsi. Mfundo imeneyi yathandiza anthu ambiri. Komabe kuthandizidwa kuyenera kukhala chisankho cha munthu mwini, osati chinthu chomukakamiza chifukwa malo ndi zipangizo n'zosayenera. M'mudzi momwe aliyense amadziwa mnzake, ndipo mayina a olandira thandizo amadutsa m'manja mwa anthu odziwika, voti yomwe wina waiona imakhala itataya gawo lina la ufulu wake. Munthu wamkulu yemwe wanyamulidwa m'manja kukwezedwa pamasitepe anthu akuonerera wavotadi, koma ulemu wake wachepetsedwa pakhomo la boma.

Malamulo onsewa akunena zoyenera kuchitika. Chomwe sakunena momveka ndi thumba lomwe ndalama zokonzera malo ovotera zichokere, ndi ofesi yomwe iyenera kufunsidwa ntchitoyo ikapanda kuchitika.

Polekezera mphamvu za MEC

Bungwe la MEC lachitapo zingapo. M'zisankho zaposachedwa lakhala likupereka kachipangizo kokhala ndi zizindikiro zopapasa, komwe munthu wosaona amalowetsamo pepala lovotera kuti achonge yekha. Limalangiza ogwira ntchito kuti anthu aulumali, okalamba ndi amayi oyembekezera asaime pamzere. Limachepetsanso ndalama zomwe anthu aulumali ofuna kupikisana nawo amalipira. Mabungwe monga Federation of Disability Organisations in Malawi, FEDOMA, Malawi Union of the Blind, Malawi National Association of the Deaf ndi Association of Persons with Albinism in Malawi ndi omwe akhala akukankha kuti zoterezi zitheke.

Zonsezi ndi zinthu zonyamulika: zimabwera pagalimoto pamodzi ndi mabokosi, n'kubwereranso chisankho chikatha. Kugumula sitepe, kukulitsa khomo, kumanga chimbudzi kapena kuthira dothi lolimba panjira ndi ntchito ya zomangamanga. Imafuna mwini malo, katswiri woyeza, kontrakitala ndi miyezi ingapo. Ndalama za MEC zimachuluka chaka cha chisankho chokha, ndipo zimathera ku mapepala ovotera, makina olembetsera, mafuta ndi malipiro a ogwira ntchito. Nthawi yomwe bungweli limalandira ndalama zambiri ndi yomweyo yomwe nthawi yomanga imakhala itatha.

Mwini nyumba ndi khonsolo

Kuyambira 1998, pomwe dziko lino linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono, ntchito monga maphunziro a pulayimale, zipatala zazing'ono, misewu ya m'midzi ndi chisamaliro cha anthu zinapita m'manja mwa makhonsolo. Sukulu zambiri za kuchigwa cha Dedza, monganso kwina, zinamangidwa ndi mipingo, koma zimayendetsedwa pansi pa ofesi ya maphunziro ya khonsolo. Khonsolo ili ndi mkulu wa za ntchito zomangamanga, ofesi ya chisamaliro cha anthu, ndi makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC omwe amafika mpaka kumudzi. Bwanamkubwa ndi akuluakulu ena a khonsolo amathandizanso MEC kuyendetsa chisankho m'boma. Palibe ofesi ina yomwe ili pafupi ndi malo ovotera kuposa khonsolo.

Vuto ndi thumba. Gawo 150 la malamulo aakulu limapatsa boma udindo woonetsetsa kuti makhonsolo ali ndi chuma chokwanira, ndipo gawo 149 linakhazikitsa komiti ya National Local Government Finance Committee yoyang'anira kagawidwe kake. Ndondomeko ya 1998 inati 5 kwacha pa 100 kwacha iliyonse yomwe boma latolera, kupatula thandizo lakunja, izipita ku chitukuko cha m'makhonsolo. Kwa zaka zambiri makhonsolo akhala akudandaula kuti mlingowu sufikidwa ndipo ndalama zimabwera mochedwa. Khonsolo ya kumudzi ngati ya Dedza imatolera ndalama zochepa payokha, makamaka za ziphaso za m'misika ndi malaisensi a bizinesi, kusiyana ndi mizinda yomwe ili ndi msonkho wa nyumba.

Ndalama za chitukuko zimafika kukhonsolo kudzera m'mipope ingapo. Pali thumba la chitukuko cha boma la DDF. Pali thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF, lomwe linayamba mu 2006 ndipo linafika pa K200 miliyoni pa dera lililonse m'chaka cha ndalama cha 2024/25. Pali ndalama za ntchito ya GESD, yomwe Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomereza mu 2020 ndi ndalama zokwana madola 100 miliyoni a ku America, ndipo imapereka ndalama ku makhonsolo 28 a m'maboma potengera momwe achitira pa kauniuni wa chaka ndi chaka. Palinso ndalama zochepa zotukulira sukulu zomwe zimapita kusukulu iliyonse ya pulayimale n'kuyendetsedwa ndi komiti ya sukulu.

Mwa mipope yonseyi palibe womwe unapatulidwira kukonza malo ovotera. Ntchitoyi imapikisana ndi mjigo, mlatho, nyumba ya mphunzitsi ndi chipinda cha amayi oyembekezera. Pamsonkhano wa VDC, anthu akamasankha zofunika kwambiri, mawu a ochuluka ndiwo amapambana, ndipo kawirikawiri anthu aulumali sakhalapo chifukwa msonkhanowo ukuchitikira pamalo omwewo omwe iwo sangafikepo. Kwa wandale, mlatho umaoneka ndipo umatsegulidwa ndi nyimbo ndi magule. Kanjira kotsetsereka ka pakhomo la kalasi palibe amakadulira riboni.

Zinthu ziwiri zasintha posachedwa. Mu Meyi 2025, bwalo lalikulu la milandu, pa mlandu womwe linakasuma bungwe la makhonsolo la Malawi Local Government Association, linagamula kuti n'kuphwanya malamulo aakulu kuti aphungu aziyendetsa nawo CDF ndi kuvota m'makhonsolo. Kenako boma lomwe linalowa chisankho cha 2025 chitatha linalengeza kuti likweza CDF kufika pa K5 biliyoni pa dera lililonse. Ndalama zoterezi zikamafikadi, chifukwa chakuti thumba n'lochepa chidzakhala chovuta kuchiteteza. Funso lidzakhala la malamulo a kagwiritsidwe ntchito kake.

Kukonza kwake n'kotani?

Ntchito yofunika si yodabwitsa ayi, koma ili ndi miyezo yake. Kanjira kotsetsereka, kamene amisiri amakatcha rampu, kayenera kutalika masentimita 12 pa sentimita iliyonse ya kukwera kwake. Khonde lokwera masentimita 30 limafuna rampu yotalika mamita 3.6, ndipo lokwera masentimita 60 limafuna yoposa mamita 7. Marampu ambiri omwe timawaona pa nyumba za boma ndi m'masitolo ndi aafupi komanso otsetsereka kwambiri, moti woyendera njinga sangakwere yekha ndipo potsika akhoza kugubuduzika. Rampu yotere imangodya simenti. Khomo liyenera kukula masentimita pafupifupi 90, ndipo pangalande payenera kukhala chovundikira cholimba. Chimbudzi chimodzi pasukulu chikhale ndi khomo lalikulu, pokhala pokwera ndi zitsulo zogwira.

Zina sizifuna simenti n'komwe. Tebulo lalifupi lochongerapo munthu ali chikhalire, benchi pamthunzi, chinsalu chotchinga dzuwa, zikwangwani za zilembo zazikulu ndi zithunzi zosonyeza masitepe a kavotedwe, zonsezi n'zotheka ndi ndalama zochepa. Pena chofunika n'kungosamutsa malo ovotera kuchoka kuseri kwa chigwembe kupita pafupi ndi msewu, kapena kusankha kalasi yomwe khonde lake n'lotsika.

Koma munthu sangakonze chomwe sanachiyeze. Ntchito yoyamba ndi kuyendera malo onse ovotera m'boma ndi pepala limodzi la mafunso: njira ndi yotani, masitepe ndi angati, khomo n'lalikulu bwanji, chimbudzi chilipo, mthunzi ulipo. Oyendera akhale katswiri wa khonsolo, woimira MEC ndi anthu aulumali a m'deralo, pakuti woyendera njinga amaona m'mphindi imodzi zomwe katswiri woyenda ndi miyendo sangazione. Zotsatira zake ndizo zingapereke mtengo weniweni wa ntchitoyi, dera ndi dera.

Zomwe maiko ena anachita

Kwa anansi athu a ku Zambia nkhaniyi inafika kubwalo la milandu. Mu 2011, Sela Brotherton, m'malo mwa mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali m'dzikomo, anasumira bungwe loyendetsa chisankho la Electoral Commission of Zambia. Bwalo lalikulu linapeza kuti bungwelo linasala anthu aulumali posankha malo ovotera osafikirika. Silinaimitse chisankho cha chaka chimenecho, koma linalamula kuti bungwelo likonze zinthu pokonzekera zisankho zotsatira. Phunziro lake ndi lakuti malo osafikirika ndi tsankho lomwe khoti likhoza kuweruza, ndipo dziko lomwe likuzengereza likhoza kudzakakamizidwa.

Ku United States anatsata njira ya ndalama. Lamulo la Help America Vote Act la 2002 linakhazikitsa thandizo lochoka ku boma lalikulu kupita ku zigawo ndi maboma aang'ono, lokonzera njira, makomo ndi zipinda zovotera, kuphunzitsa ogwira ntchito ndi kufalitsa uthenga kwa anthu aulumali. Ofesi yowunika ntchito za boma m'dzikomo inapeza kuti mu 2000 malo ovotera 16 okha mwa 100 alionse ndiwo analibe chopinga chilichonse, ndipo pofika 2008 anafika 27. Ngakhale m'dziko lolemera chotero, kusintha kunayenda pang'onopang'ono. Chomwe chinathandiza kuti kusinthako kuoneke n'chakuti panali thumba lodziwika komanso wina woyeza nthawi ndi nthawi.

Ku South Africa anawonjezera njira ina. Munthu yemwe sangathe kufika pamalo ovotera chifukwa cha ulumali, matenda kapena pakati amapempha voti yapadera, ndipo ogwira ntchito za chisankho amamuyendera kunyumba tsiku lovota lisanafike. Njira imeneyi ingathandize m'midzi yakutali ya m'mbali mwa nyanja, koma imafuna kusintha malamulo a chisankho, ndipo m'dziko lomwe zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 zinathetsedwa ndi khoti, voti iliyonse yoponyedwa kunja kwa malo ovotera ingafune chitetezo chokhwima kuti anthu aikhulupirire.

Mfundo zotsutsa

Alipo omwe anganene kuti dziko lomwe ana ake akuphunzirira pansi pa mtengo silingaike patsogolo ntchito yothandiza tsiku limodzi pa zaka zisanu. Mfundoyi ikanakhala yamphamvu malo ovotera akanakhala nyumba zapadera. Koma ndi sukulu. Rampu yomwe wovota adzakwerepo mu 2030 ndi yomweyo yomwe mwana woyendera njinga adzakwerepo tsiku lililonse la sukulu, ndipo chimbudzi chomwecho chidzathandiza mtsikana waulumali kuti asasiyire sukulu panjira. Sukulu zomwezi ndi zomwe anthu amathawirako madzi akasefukira, ndi komwe kumachitikira kalembera wa ziphaso za unzika, katemera ndi misonkhano ya chitukuko. Chisankho chikungopereka tsiku lomalizira ntchito yomwe imayenera kuchitika kale.

Ena anganene kuti ndalama zopita kumakhonsolo zimasowa. Malipoti a mkulu wowerengera ndalama za boma akhala akuonetsa mavuto a kayendetsedwe ka chuma m'makhonsolo ambiri, ndipo nkhawayi ndi yomveka. Komabe ntchito iyi ndi imodzi mwa zosavuta kulondoloza. Mndandanda wa malo ovotera ndi wodziwika, miyezo ya rampu ndi khomo ndi yodziwika, ndipo aliyense wokhala ndi tepi yoyezera akhoza kutsimikiza ngati ntchito yagwirika. Ndalama zikhoza kuperekedwa m'magawo, gawo lotsatira likudikira kuti loyamba litsimikizidwe ndi oimira anthu aulumali.

Pali njira zitatu zomwe boma lingasankhepo kapena kuziphatikiza. Yoyamba ndi kukhazikitsa thumba lapadera lodutsa ku National Local Government Finance Committee, logawidwa potengera kuchuluka kwa malo ovotera ndi zomwe kauniuni wapeza. Yachiwiri ndi kulemba m'malamulo a CDF ndi DDF kuti kagawo kena kazipita ku ntchito yokonza nyumba za boma zomwe zilipo kale, kuyambira ndi malo ovotera. Yachitatu ndi kuika kufikirika kwa nyumba m'gulu la zinthu zomwe makhonsolo amapatsidwa nazo malikisi pa kauniuni wa chaka ndi chaka, kuti khonsolo yonyalanyaza izitaya ndalama. Pamwamba pa zonsezi, kalasi iliyonse yatsopano isalandiridwe kwa kontrakitala ngati ilibe rampu ya muyezo, chifukwa kumanga bwino poyamba n'kotsika mtengo kuposa kugumula pambuyo pake.

Nthawi yomwe yatsala

Dziko lino laonapo atsogoleri aulumali pamipando ikuluikulu. Malemu Clement Chiwaya, yemwe ankayendera njinga, anali phungu wa Mangochi Central ndipo anakhala wachiwiri wachiwiri kwa sipikala kuyambira 2014 mpaka 2019. Malemu Rachel Kachaje anakhala nduna ya za anthu aulumali ndi okalamba mu 2013. Mu 2021 Overstone Kondowe anakhala munthu woyamba wachialubino kusankhidwa kukhala phungu. Anthuwa anasonyeza kuti ovota a m'dziko muno ndi atsogoleri awo akhoza kuyang'ana luso la munthu. Chotsalira ndi chakuti wovota wamba wa ku Golomoti naye afike pa bokosi.

Tsiku lenileni lomalizira ntchitoyi si Sepitembala 2030. Kalembera wa ovota a chisankho cha 2025 anayamba kumapeto kwa 2024, ndipo amachitikira pamalo omwewo ovotera. Ngati ndondomeko idzakhale yofanana, malowa ayenera kukhala atakonzeka pofika 2029, chifukwa yemwe walephera kulembetsa sangavote ngakhale rampu itamangidwa mawa lake. Kuchigwa, miyezi ya mvula imadula nthawi yomanga, choncho chilimwe chilichonse chodutsa osachitapo kanthu ndi chotayika. Zisankho zachibwereza, zomwe zimachitika nthawi ina iliyonse, ndi mwayi woyesera njirazi pamalo ochepa.

Owerenga a m'tauni ali ndi gawo lawo. Ambiri ali ndi makolo kumudzi omwe maso ndi mawondo ayamba kuwavuta, ndipo sukulu za ku Ndirande, Area 25 kapena Chibavi nazo zili ndi masitepe ndi ngalande zomwezo. Misonkhano ya khonsolo ndi yotseguka kwa anthu, ndipo lamulo lopereka mwayi wopeza nkhani za boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limalola nzika kufunsa zikalata. Mafunso oti khansala ndi phungu ayankhe ndi atatu: malo ovotera m'dera lathu ndi angati, ndi angati mwa iwo omwe munthu woyendera njinga angalowe yekha, ndipo m'ndondomeko ya chuma ya chaka chino mwaikamo ndalama zingati zokonzera otsalawo?